Zenera Loyang'ana Kanjira Kachilango

Amene anamanga kaokala ka kalabu yathu anali mwamuna, ndipo sanafunse mkazi aliyense. Chitseko anachiika kumbuyo, kuyang'ana koimika magalimoto. Zenera logulitsira analiika kumbali, kuyang'ana kanjira kachilango. Mbali yoyang'ana kowombera mfuti, kumene kuli nkhani yonse, anaikako khoma. Mwamunayo ndi wanga, a Torleiv, ndipo mpaka lero amati ankaganizira mphepo.

Ine ndi Gunvor. Ndaima pa zenera limenelo kuyambira pamene mwana wathu Eldrid anali wamfupi kuposa ndodo zake zothamangira pa chipale chofewa. M'chigwa chathu chino cha ku Norway masewera amayenda ndi dugnadi, ntchito yothandizana imene aliyense amagwirako popanda malipiro. Wina amasalaza chipale, wina amayang'anira nthawi, a Torleiv amalankhula pa chimkuzamawu chifukwa pakamwa pawo sipatopa. Ine tsiku loyamba ndinangoti, "Ndipatseni chitsulo cha mawafulo, ndithandizeko lero." Lero lakelo la kuwotcha timakeke timeneti linatha zaka zoposa makumi awiri.

Masewerawo ndi osavuta kumva. Umathamanga pa masikii, timatabwa titalititali totsetserekera pa chipale, mfuti ili kumsana, mpaka mtima kufuna kutulukira pakamwa. Kenako umaima n'kuwombera timaso takuda tisanu ta chandamale, ulendo wina chogona, ulendo wina choimirira. Kaso kalikonse kamene waphonya umakalipira pozungulira kanjira kachilango kamodzi, anzako akupita. Basi.

Ndiye taganizani. Mwana wanga akawombera bwino ankadutsa kuseri kwa khoma, ine osamuona. Ndinkangomva mabelu a ng'ombe amene anthu amaliza pochemerera. Akaphonya, m'pamene ankatulukira pa zenera langa, nkhope ili ndwii, mamina ataumira pamlomo. Pa mpikisano ine mwana wanga ndinkamudziwa nkhope imodzi yokha, ya munthu amene wangophonya kumene. Tsiku labwino linali tsiku limene sindinamuone.

Ali wamng'ono ndinkamuona kwambiri. Miyendo anali nayo, anatengera bambo ake. Mtima wodekha analibe, ndipo anthu amati umenewo anatengera ine. Ankafika kowombera ali woyamba, n'kuwombera ngati akuthamangitsa akhwangwala m'munda. Tsiku lina anaphonya timaso tonse tisanu. Anazungulira kanjirako akulira, ndipo ulendo uliwonse ankadutsa pamphuno panga.

"Amayi, ndikusiya masewera amenewa!"

"Pukuta mamina."

Ulendo wotsatira: "Ndikunena zoona, amayi!"

"Usiye ukamaliza. Mfutiyo ndi yobwereka, ukaibweze kumapeto, osati pano."

Anamaliza womaliza, anadya mawafulo atatu opaka jamu ndi tchizi chofiirira, ndipo za kusiya sanazitchulenso.

Chimene anachita n'kundilanda khitchini. Anamata timapepala takuda tisanu pa chitseko cha kabati, ndipo akachoka kusukulu ankaima pakati pa khitchini ndi mfuti yopanda zipolopolo, kuloza, kupuma, kukhethemula, kuloza kachiwiri. Ine ndikuphika momuzungulira ngati ndi mzati.

"Chotsa chigongono, ndikufuna mchere."

"Amayi, mwandigwedeza."

"Mphepo nayo idzakugwedeza, ndipo sidzapepesa."

M'dzinja tikamatsitsa nkhosa kuphiri, iye ndiye ankathamangira zosochera. Ankabwera thukuta lili kamukamu, n'kulowa m'khitchini asanakhale pansi, kuti aphunzire kuloza mtima ukugunda. Fungo la nkhosa ndi la mafuta a mfuti linakhazikika m'makatani anga. Ndinachapa, ndinatopa, ndinasiya.

Kenako anachoka. Sukulu ya masewera, timu ya achinyamata, timu ya dziko. Germany, Italy, France, maiko amene ine ndinkangowadziwira pa zovala zakuda zimene ankabwera nazo m'chikwama. Chaka china anadwala chifuwa chosatherapo, anamutsitsa m'timu, anabwera kunyumba ataonda ngati ndodo zake zomwe. A Torleiv ankafuna kumulimbikitsa ndi mawu ambirimbiri. Ine ndinangomupatsa mbatata ndi nyama ya nkhosa, ndi kumuuza kuti kukhola kukufunika munthu. Anadya, anagona, anabereketsa nkhosa nyengo yonse ya masika. Chipale chitagwanso anatenga mfuti yake n'kupita.

Zaka ziwiri pambuyo pake anapambana dziko lonse lapansi.

Mudzafunsa kuti ndinali kuti. Mipikisano ya kunja timaonera pamodzi mu holo ya kalabu, pa wayilesi ya kanema yaikulu. Anthu akasonkhana amafuna khofi ndi mawafulo, ndipo khitchini ya holoyo nayonso anamanga ndi a Torleiv. Pamene mwana wanga ankagwetsa kaso komaliza ku Italy, ine ndinali nditafulatira, ndikupala chitsulo. Ndinangomva denga likufuna kuchoka. Oddny, mnzanga woyandikana naye nyumba, analowa akukuwa, n'kundikumbatira ndi chipande changa chomwe.

"Golide, Gunvor! Mwana wako watenga golide!"

"Chabwino. Tandisiya, chipserera."

Ndinalira pambuyo pake, ndili ndekha kukhola. Nkhosa sizifalitsa nkhani.

Vuto linayamba pamenepo. Wina, sindikudziwa ndani, anati, "Gunvor akakhala pa chitsulo, Eldrid saphonya." Anthu a m'chigwa chino sakhulupirira zamatsenga, amatero okha. Koma mlungu wotsatira nditatuluka m'khitchini manja ali onyowa kuti ndionereko pang'ono, Eldrid anaphonya kawiri. Holo yonse inatembenuka kundiyang'ana. A Torleiv anadzuka, anandigwira paphewa mwaulemu kwambiri.

"Mayi, chonde, bwererani. Dziko likulira."

"Dziko likawotche lokha mawafulo."

Koma ndinabwerera, ndipo mtsikanayo anagwetsa zonse zotsala. Kuyambira pamenepo nkhani inatha. Anatenganso golide kawiri, ndi mamendulo ena amene ali m'kabati yomwe ija ya timapepala takuda, ndipo zonsezo ine ndinazimvera kukhoma. Inde, amazionetsanso madzulo. Koma kuonera mpikisano umene ukudziwa kale mathero ake kuli ngati khofi wotenthetsanso. Amamweka, koma si yemweyo.

Chaka chatha, chipale chili pakati, Eldrid anaimba foni.

"Amayi, maondo akwana. Nyengo ino ikatha ndikusiya."

"Ukasiye utamaliza."

Anaseka. "Ndikudziwa, mfuti ndikabweze kumapeto. Koma mpikisano wotsiriza ndikufuna kwathu, nthawi ya Pasaka. Anzanga a m'timu abwera. Vigdis akuti akufuna andigonjetse pamaso pa nkhosa zanga."

Vigdis ndi mnzake amene akhala akulimbirana naye mamendulo kuyambira ali atsikana. Amagona chipinda chimodzi m'mahotela, m'mawa n'kukathamangitsana ngati adani.

Nditaika foni ndinakhala pansi, chinthu chimene sindichitachita masana. Ndinaona kuti mwayi watsala umodzi. Ndikaphonya umenewo, ndidzafa ndikudziwa nkhope yophonya yokha ya mwana amene dziko lonse limamudziwa akumwetulira. Pa msonkhano wa kalabu ndinaimirira.

"Tsiku la Eldrid ine sindigwira chitsulo. Ndikaima kumpanda wa kowombera, ndione ndi maso angawa."

Kenako onse analankhula nthawi imodzi. Wina anati mpikisano wotsiriza si woyesera zinthu zatsopano. A Torleiv anayamba, "Mayi, sikuti timakhulupirira, koma..."

"Abambo, mukamaliza chiganizo chimenecho, mudziphikira nokha mpaka Khirisimasi."

Sanamalize. Oddny anakweza dzanja. "Ndigwira ine. Kuwotcha mawafulo si kuchita opaleshoni."

"Ungokumbukira chimodzi," ndinamuuza. "Zitsulo ziwiri ndi ketulo usayatse pamodzi. Magetsi a kaokala aja ndi ofooka."

"Gunvor iwe, ndalera ana anayi."

Tsikulo kunacha bwino, dzuwa lili phwee, chipale chikunyezimira moti maso kuwawa. Anthu anabwera kuposa amene chigwa chathu chinawaonapo. Mabasi anaima mpaka kutchalitchi. Ine ndinavala juzi yanga yabwino, yoluka ndekha, ndinakaima kumpanda kutsogolo kwenikweni. Manja sankadziwa chochita. Ndinawaika m'matumba, ndinawatulutsa, ndinawaikanso.

Othamanga anali akuyesa mfuti zawo mpikisano usanayambe. Eldrid anadzuka pamphasa yake, anatembenuka, anandiona.

"Amayi! Akutulutsanidi?"

"Yang'ana chandamale, usayang'ane ine."

"Juzi yabwinotu imeneyo."

"Ndati chandamale."

A Torleiv anali pa chimkuzamawu, akufotokoza mbiri ya mwana wawo kuyambira tsiku lobadwa. Anali atafika pa nkhani ya dzino loyamba pamene mawu awo anangoti zii pakati pa chiganizo. Ena anawomba m'manja. Ine ndinadziwa. Chimkuzamawu chimatenga magetsi ku kaokala.

Oddny anafika akuthamanga, ufa uli m'tsitsi.

"Gunvor, ndinangofuna madzi otentha pang'ono."

"Ndinati chiyani?"

"Unati, unati. Koma bwera, sindikudziwa pokonza pake, ndipo mzere wafika kumabasi."

"Kabokosi ka magetsi kali kuseri kwa matumba a ufa. Kweza kabatani kakuda."

"Ndakweza, kakugwanso. Gunvor, pali ana akulira."

Ndinayang'ana kowombera. Ndinayang'ana kaokala. Ndinauza mayi amene anali pambali panga kuti andisungire malo, ndikubwera pompano.

Kukonza magetsi sikunatenge nthawi. Ndinazimitsa ketulo, ndinakweza kabatani, a Torleiv anabwerera m'mlengalenga ndi dzino lawo. Koma phala la mawafulo limene Oddny anakonza linali lamadzimadzi, likungoyenderera m'chitsulo. Ndinathirako ufa. Ndinawotcha limodzi kuti ndione ngati lakhala bwino. Kamtsikana kovala chipewa chofiira, milomo ili yabuluu ndi kuzizira, kanatambasula dzanja. Kumbuyo kwake kunali kena, ndi kena. Palibe anandikakamiza, zimenezo ndinene. Koma munthu sungasiye ana amene aima m'chipale kuyambira m'mawa, iwe chipande chili m'manja.

Ndinamva mabelu onse akulira pamodzi. Mpikisano wayamba. Ine ndili pa zenera langa, juzi yabwino yadontheredwa kale phala.

"Pita, ndikwanitsa tsopano," anatero Oddny, mawu ali pansi.

"Ukwanitsa chiyani? Paka jamu, usalankhule."

Malo anga kumpanda anali atapita kalekale, ndinkadziwa. Khamu lija silikanatsegukanso. Ndinawotcha. Ndinamva mfuti zikulira kuseri kwa khoma, ulendo woyamba, kenako wachiwiri. Atsikana ankatulukira m'kanjira kachilango mmodzimmodzi, nkhope zija ndimazidziwa. Ulendo wachitatu kunatulukira Vigdis, wamtali, akupuma ngati hatchi.

"Mayi a Eldrid! Mundisungire awiri, a tchizi!"

"Uyambe waphunzira kuwombera!"

Anaseka, anapita. Eldrid sanaoneke. Ndiye kuti tsiku linali labwino, monga mwa masiku onse. Utsi unandilowa m'maso. Chitsulo chamagetsi sichifuka utsi, koma unandilowa ndithu.

Pa kuwombera komaliza, kwa choimirira, anthu amakhala chete moti umamva mbendera zikukupiza. A Torleiv ananong'ona pa chimkuzamawu kuti Eldrid wafika yekha, ali patsogolo. Ndinaima, chipande m'mwamba. Phaa! Khamu: "Eee!" Phaa! "Eee!" Ndinawerenga ndi khutu monga ndachitira moyo wanga wonse. Kachitatu. Kachinayi. Kenako kanthawi kaja kamene amakonda kudikira, kamene kanandikalambitsa ine. Phaa!

Chigwa chinagwedezeka. A Torleiv ankakuwa zosamveka. Oddny ankadumpha ndi mpeni wa jamu m'manja. Ine ndinathira phala m'chitsulo, ndinatseka. Basi, zatha, ndinatero mumtima. Wamaliza bwino, ndipo chofunika n'chimenecho.

Kenako mabelu anasokonekera. Ena analeka, ena ankalira mokayika. Mawu a Torleiv anasintha.

"Eldrid... Eldrid, mwana wanga, wasochera! Kumeneko si kwako! Wagwetsa zonse! Wina amuuze!"

Ndinakweza maso. Mwana wanga anali akulowa m'kanjira kachilango.

Magalasi anali atawakweza pamphumi. Sankathamanga, ankangotsetsereka pang'onopang'ono, mfuti kumsana, molunjika zenera langa. Anthu a pamzere anapatuka okha.

"Waphonya zingati?" ndinakuwa, poti pakamwa panazolowera.

"Palibe, amayi!"

"Nanga kuno ukudzatani?"

"Kumpanda sindinakuoneni. Ndiye ndabwera nayo konkuno." Analoza nkhope yake ndi chala cha gulovu. "Iyi ndi ya tsiku limene ndagwetsa zonse. Taioneni bwinobwino, sindibwera nayonso."

Ndinaiona. Masaya ofiira, thukuta likutsika m'mbali mwa makutu, mano onse panja. M'mbali mwa maso muli timakwinya timene sindinkadziwa kuti ali nato. Maso enieniwo ndiwo anandigwira. Anali odekha, owala, a munthu amene wachita chinthu chimene amachidziwa kuposa wina aliyense pansi pano. Kamwana kanga kamamina kaja kanali mayi wamkulu, ndipo kanali kokondwa. Mamina okha ndiwo analipobe.

"Pukuta mamina," ndinatero.

Anaseka mpaka kutsamira ndodo. Anazungulira kanjira konse, mutu utatembenukira kwa ine, anthu akuliza mabelu tsopano ngati amisala. Ali pakati, kuseri kwa khoma kunamveka "Eee!" kasanu motsatizana.

"Vigdis wagwetsa zonse!" anakuwa a Torleiv. "Vigdis wadutsa! Eldrid, ndakupempha, mwana wanga!"

"Wamva?" ndinakuwa nanenso. "Wakudutsa! Thamanga, chitsiru iwe! Ukufuna akugonjetse pamaso pa nkhosa zako?"

Anatsitsa magalasi, anawerama, anachoka ngati mwala wa legeni.

Sindinaganize. Ndinaponya chipande, ndinatulukira chitseko chakumbuyo, ndinazungulira khoma la a Torleiv ndikuthamanga, epuloni ili m'chiuno. Ine sindinathamangepo kuyambira tsiku limene nkhosa zinalowa m'munda wa abusa. Chipale chinali chofewa, ndinkatitimira mpaka m'mawondo.

"Patukani! Ndine mayi wake!"

Khamu limene ndinkati silingatseguke linatseguka. Manja anandikoka, ena anandikankha kumbuyo, mpaka ndinapezeka mimba yagunda mpanda, pa mzere womalizira penipeni.

Anatulukira pa kaphiri komaliza ali awiri, Vigdis patsogolo, Eldrid atamumamatira kumsana. Potsika Eldrid anapatukira kumanja. Ndodo zinkalasa chipale, masikii akulira, mapewa akugundana. Ndinamva mawu a mayi wina akukuwa dzina la mwana wanga mokhadzula kukhosi, ndipo mayiyo ndinali ine. Pa mzere onse awiri anaponya mwendo kutsogolo, anagwa, anakhala mulu umodzi wa miyendo, ndodo ndi mfuti, akuseka osatha kupuma.

Ndinaona. Zonse ndinaona ndi maso angawa.

Oweruza anayang'ana chithunzi nati wapambana Vigdis, ndi chala cha phazi. A Torleiv analengeza ndi mawu a pamaliro, ndipo mpaka lero amati kamera inapendekeka. Vigdis anadzuka, anabwera kumpanda.

"Mayi a Eldrid, mwana wanuyu ndi wopenga. Wandipatsa mpikisano."

"Sanakupatse iwe, wapatsa ine. Iwe wangotola."

Eldrid anafika akukwawa ndi maondo, anandikumbatira pamwamba pa mpanda, thukuta lake lonse pa juzi yanga. Kenako ananunkhiza m'mwamba.

"Amayi, chikupserera n'chiyani?"

Ku kaokala kunkafuka utsi weniweni tsopano. Oddny anali pambali panga, nayenso anathawa pa ntchito. Tinabwerera tikuthamanga. Mawafulo a m'zitsulo zonse ziwiri anali makala, oyamba kupserera m'manja mwanga chiyambire. Ndinkati ndiwataye, koma Vigdis anati iye anaitanitsa awiri ndipo sachoka. Anawadya akudawo, ndi tchizi, akuti amakoma ngati golide. Eldrid analuma kachidutswa, anthu ena n'kuyamba kulimbirana zotsala. Anthu akakondwa amadya chilichonse.

Chilimwe chitafika ndinamva macheka akulira kubwalo. A Torleiv anali akuboola zenera lachiwiri pa khoma lija, loyang'ana kowombera.

"Mwana wasiya, inu m'pamene mukuboola?"

"Ndaona kuti mphepo si yambiri kwenikweni," anatero, osandiyang'ana.

Eldrid anabwerera m'chigwa, amaphunzitsa ana kuwombera pakati pa mlungu. Koma dugnadi sadziwa mendulo. Pa msonkhano wa kalabu anafunsa kuti ntchito yotsala ndi iti, ine ndinavula epuloni n'kumuveka. Ndiye masiku a mpikisano pa chitsulo pamakhala katswiri wa dziko lonse lapansi, ndipo mawafulo ake ndi aawisi pakati. Ndamuuza kuti adikire kanthawi asanatsegule, monga ankachitira ndi kaso komaliza. Samva.

Ine ndimaima kumpanda, manja m'matumba, kuonera ana a eni ake akuphonya. Kamtsikana ka chipewa chofiira kaja kayamba chaka chino. Miyendo kali nayo, mtima wodekha kalibe. Mayi wake ndamuuza kale kuti wina akamupempha kugwira chitsulo tsiku limodzi lokha, akane.